Mmene Haruni Anakanira Kunamiza Mlongo Wake

Mulembe momwe ndikuneneramu, musakonze mawu anga kuti amveke ngati a pa wailesi. Kusukulu sindinapondeko, koma pakamwa ndili napo.

Haruni ndi mdzukulu wanga, mwana wachiwiri wa Abasi. Abasi ndi mwana wanga, telala uja amasoka pakhonde la golosale kumsika wa Kawale. Woyamba kubadwa ndi Zulekha, wamkazi. Tinachoka ku Machinga ana awiriwa akadali ndi mamina m'mphuno, kutsata makina a bambo awo, ndipo amene ndinawalera masana onse ndine, chifukwa mayi awo, Fatu, ankatandala pamsika kugulitsa usipa.

Haruni sanali mwana wovuta. Sanabe, sanamenyepo mwana wa munthu. Nthenda yake inali mafunso. Ukamuuza kuti usaloze manda, chala chipindika, iye amati, "Nanga ndikaloza ndi chigongono?" Ku madrasa shehe ankamukonda, koma tsiku lina anandiimitsa panjira n'kunena kuti, "Amayi, mwanayu muzimudyetsa kwambiri asanabwere, mwina azisinza."

Atasankhidwa kupita ku yunivesite ku Zomba, Kawale yense anabwera kudzamuona ngati wabadwa kumene. Ine ndinkati basi tapeza dokotala, kapena loya, ngakhale wa ku banki yemweyo. Chaka choyamba anati akuphunzira zosakaniza. Chaka chachiwiri atabwera pa holide ndinamukhazika pansi.

"Mwamunanga, tandiuza. Ukamaliza tizikutchula kuti ndani?"

"Haruni yemweyo, Anganga."

"Usandiyankhe ngati kondakitala. Ukuphunzira chiyani?"

"Filosofi. Makamaka mbali ya makhalidwe. Timafufuza kuti chabwino n'chiyani, choipa n'chiyani, ndiponso timadziwa bwanji."

"Zaka zonsezi?"

"Zinayi."

"Chabwino ndi choipa ndinakuphunzitsa ndine ndi mthiko, tsiku lija unakodzera mu ndowa ya madzi akumwa. Phala lisanapse unali utadziwa kale."

Iye anaseka. Ine sindinaseke.

Ndinayamba kumuyang'anitsitsa. Masiku amenewo kunali mbiri yoti ana ena akapita ku koleji amakalowa za satana. Ena amati akalephera mayeso n'kuchotsedwa, amakhalabe komweko kwa anzawo, n'kumabwera pa holide ndi chikwama ngati ophunzira. Ine ndinaganiza zonse ziwiri. Ali kubafa ndinapisa m'chikwama chake. Munali mabuku okhaokha, onenepa, opanda ndi chithunzi chomwe cha mafupa a munthu kapena cha injini. Ndinanunkhiza malaya ake, sanamveke fodya, sanamveke mowa. Lachisanu ankapita ku mzikiti ngati kale, koma ndinauza Abasi kuti aziima naye mzere umodzi aone ngati milomo ikugwedera. Abasi anati ikugwedera. Ndinati kugwedeza milomo ngakhale ng'ombe imatha ikamabzikula.

Chimene chinandionetsa kuti maphunziro amenewa ali ndi mano chinachitikira pamakina pa bambo ake. Mayi wina wa ku Biwi anasiya nsalu kuti amusokere diresi la pa ukwati wa mng'ono wake. Aliyense amadziwa mayankhulidwe a telala. Ukapita kukafunsa amati, "Latsala zipi yokha, bwerani mawa." Mwini nsalu nayenso amadziwa kuti mawa wa telala ndi sabata yamawa, ndiye potchula tsiku la ukwati amalikokera pafupi. Onse awiri anamizana, diresi latuluka pa nthawi yake, palibe wolira. Tsiku limenelo Abasi anapita m'tauni kukagula ulusi n'kusiya Haruni pamalopo. Mayi uja atafika, Haruni anatulutsa nsalu ija ikadali yopindidwa momwe anaibweretsera.

"Sanayambe kudula, mayi. Pali madiresi ena patsogolo panu."

Mayiyo anatenga nsalu yake n'kuwoloka msewu kupita kwa telala wina, amene anamuuza kuti abwere mawa.

Madzulo Abasi anafika kunyumba nkhope itakwinya.

"Iwe, ndinakusiya kuti ulondere makina kapena uthamangitse anthu?"

"Ababa, ukanamiza munthu umamulanda mpata wosankha yekha. Zili ngati wamumanga chingwe n'kumamukoka, iye akuona ngati akuyenda yekha."

Ine ndinalowererapo. "Ndiye ku Zombako onse sanama?"

"Amanama. M'kalasi mwathu muli magulu awiri. Ena amati bodza ndi loipa nthawi zonse. Ena amati tiziyang'ana zotsatira zake, ngati lapulumutsa munthu ndiye kuti ndi labwino."

"Iwe uli mbali iti?"

"Sindinatsimikize. Ndikuyesa kaye kukhala osanama, ndione ngati munthu angathe."

"Ukuyesera pa makasitomala a bambo ako. Bwanji osakayesera pa aphunzitsi akowo, uwauze kuti nsapato zawo zapendeka?"

Nkhani inafalikira. Anthu anayamba kumuseka, ena kumuthawa. Mwana wamkazi wa aneba athu ankabisala akamuona atamanga tsitsi latsopano. Zulekha yekha ndi amene ankasangalala nazo. Akabwera kudzationa n'kuphika, ankamupatsa mbale n'kuima pomwepo manja m'chiuno.

"Haruni, ndiwozi zili bwanji? Iwe sunama."

"Mchere wachuluka, achemwali."

"Galu iwe. Bweretsa mbale yanga."

Zinali zoseketsa mpaka chaka chotsatira.

Zulekha anakwatiwa ndi Ayimani, mnyamata wa ku Ntaja woyendetsa thiraki ya ku Beira, ndipo ankachita lendi ku Area 23. Mimba yoyamba inapita padera. Yachiwiri inakhala, koma itakula mapazi anatupa, nkhope inatupa, magazi anayamba kuthamanga. Anamugoneka ku chipatala cha ku Likuni kuti adikirire komweko, Fatu n'kukhala gadiyani wake. Anamwino anatiuza mosabisa kuti munthuyu asamaganize zambiri, asadzidzimutsidwe.

Ndiye uthenga unafika pa telefoni ya pa byuro yoimbira mafoni yoyandikana ndi makina a Abasi. Thiraki ya Ayimani yagubuduzika kupitirira Dedza, iye wafera pomwepo. Ife Asilamu maliro sitisunga. Abale ake anakatenga thupi, m'mawa mwake anaika kwawo ku Ntaja. Abasi anapita ndi amuna ena a ku mzikiti.

Kwathu kuno munthu wodwala kapena wapakati sauzidwa maliro. Ngakhale wabwinobwino akakhala kutali timangoti uje wadwalika, bwerani, kuti ayende ndi miyendo yake mpaka afike. Si nkhanza zimenezo. Anthu anagwapo m'misewu chifukwa cha uthenga woponyedwa ngati mwala. Ndiye tinapangana kuti Zulekha asamve mpaka atachira, mwana ali m'manja. Akafunsa, Ayimani ali ku Beira, katundu wachedwa padoko, foni yake kunjako sigwira bwino. Fatu atangomva analira mpaka maso ngati tomato wakupsa. Tinamubweza ku Kawale n'kuuza Zulekha kuti mayi ake agwidwa ndi malungo. Ine ndinakalowa m'malo mwake, ndi mawondo angawa.

Woti azibweretsa ufa, makala ndi ndiwo kuchokera kunyumba panalibe wina koma Haruni, pa njinga ya bambo ake. Inali holide yaitali ija. Ndinamukokera kuseri kwa khitchini ya magadiyani.

"Wamva zimene tapangana?"

"Ndamva."

"Tanena ndimve. Alamu ako ali kuti?"

Anayang'ana pansi.

"Ali ku Beira. Nena."

"Anganga, zoti amwalira sindiyambitsa, ndikulonjeza. Koma zoti ali ku Beira sindinena."

"Nanga akakufunsa?"

"Sindikudziwa."

"Zaka zitatu ku Zomba, yankho lake sindikudziwa. Tamvera. M'mimba muja muli munthu. Woyamba anapita, unalipo, unaona mmene mlongo wako anakhalira ngati chitsa. Uyu akapita chifukwa cha pakamwa pako, udzatenge filosofi yakoyo uziibereka kumbuyo."

"Ine ndikuopanso zomwezo, Anganga. Koma mwamuna ndi wa achemwali. Kawale yense akudziwa, ogulitsa makala akudziwa, iwo okha ayi. Dzulo amandituma kuti alamu akaimba ndiwauze agule beseni la mwana ku Beira."

"Iwe unati chiyani?"

"Ndinakhala chete."

"Uzikhala chete choncho. Ndiponso m'wodi usalowemo. Katundu uzindipatsira pageti."

Anavomera, koma ndinaona mmene anavomerera. Munthu wovomera ndi mtima wonse sayang'ana tayala la njinga.

Masiku amenewo ndinagwira ntchito ya polisi. Nthawi yoona odwala ikakwana ndinkaima pakhomo pa wodi kuyang'ana nkhope iliyonse. Mayi wina wa ku Kawale anabwera kudzaona mnzake, atangomuona Zulekha anayamba kupinda mawondo kuti apepese. Ndinamuponda phazi mpaka anaiwala chimene amafuna kunena. M'mawa uliwonse ndinkabwera ndi nkhani. "Ayimani waimba pa byuro, akuti moni. Akuti kumeneko kukutentha." Tsiku lina ndinati wadwala m'mimba chifukwa cha nsomba za kunyanja yamchere, kuti zimveke zenizeni.

Koma Zulekha si chitsiru, ndinamulera ndine. Anayamba kundiyang'ana nthawi yaitali ndikamayankhula.

"Anganga, malungo a amayi sakutha?"

"Ndi a chaka chino, ndi amakani."

"Ababa osabwerako ngakhale Lamulungu?"

"Mayunifomu a sukulu achuluka."

"Nanga Haruni akuthawa chiyani?"

"Akuwerenga."

"Pageti?"

Bedi lake linali pawindo. Zimenezo sindinaziganizire, ndipo amene anamuika pamenepo sanandifunse.

Tsiku lina masana ndinali kumpopi kuchapa zitenje zake. Mzere unali wautali, amayi a ku Chinsapo amachapa ngati abweretsa zovala za mudzi wonse. Pobwerera ndinapeza bedi lili lokha. Nditasuzumira pawindo ndinamuona. Anali atayenda yekha ndi mapazi otupa aja mpaka pageti, wakhala pabenchi pansi pa mtengo, wamugwira Haruni pamkono ngati wakuba. Haruni anali atagwada, njinga itagwa pambali, makala atamwazika.

Ine kuthamanga ndinasiya kalekale. Pamene ndinkafika anali atamaliza kale kuyankhula. Zulekha sankalira. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Anganga, mwaphika chiyani? Ndili ndi njala."

Ndinamubweza kuwodi. Anadya zonse, ndi futali wotsala dzulo yemwe. Nditatuluka ndinapeza Haruni akadali pageti, akutola makala limodzilimodzi.

"Wanena."

"Sindinanene."

"Ndiye wanama."

"Sindinaname."

"Usandizunguze mutu. Njira yachitatu yachokera kuti?"

Anapukuta manja pa thalauza. "Anandifunsa kuti, Haruni, iwe sunama, alamu ako ali ku Beira? Ine ndinati, achemwali, nkhani ilipo, ndili nayo. Mukafuna ndinena pompano. Mukafuna ndiisunga mpaka mwana abadwe, ndipo tsiku limenelo ndidzanena ndine, yonse, osachotsapo kanthu. Sankhani inuyo."

"Ndiye?"

"Anagwira pamimba n'kunena kuti, isunge."

Ndinali ndi chitenje chonyowa m'manja. Ndinamukwapula nacho pakhosi, alonda a pageti akuona.

"Munthu umuonetse khasu, umuonetse fosholo, umuonetse nsalu yoyera, kenako uziti manda sindinatchule?"

"Mwina mukunena zoona, Anganga."

"Usandivomereze. Ukandivomereza ndimasowa pokumenya."

"Anali akudziwa kale kuti chilipo. Ndikanati ali ku Beira, akanasowa womukhulupirira m'dziko lonse. Ndinaona kuti kukhala yekha chonchoko n'koopsa kuposa."

"Unaona. Dokotala wa mimba ndiwe tsopano."

Anadzutsa njinga ija n'kumapita.

Kuyambira tsiku limenelo Zulekha sanatchulenso dzina la mwamuna wake. M'mawa mwake ndinayesa monga mwa masiku onse. "Ayimani waimba, akuti..." Iye anandigwira dzanja. "Anganga, musavutike." Anatembenukira kukhoma. Mawu amenewo anandiopsa kuposa kulira. Ankadya, ankamwa mankhwala, ankayenda pang'onopang'ono m'khonde monga anamuuzira, ngati munthu wosenza mtsuko wodzaza amene sakufuna kuti madzi atayike. Ine ndinkangoyang'ana mapazi ake. Namwino akabwera ndi lamba uja womanga pamkono poyeza kuthamanga kwa magazi ndinkamutsata mpaka panja.

"Zili bwanji, mwanangu?"

"Zili pomwe zinali, agogo."

Tsiku lina, "Zakwera pang'ono." Tsiku lina, "Zatsika." Kenako zinakwera osatsikanso, ndipo anamutengera ku opaleshoni masiku ake asanakwane. Ndinakhala pasimenti panja pa chitseko. Haruni anakhala kutali, kumapeto kwa khonde, chifukwa ndinamuuza kuti akandiyandikira ndimuluma. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndimawadziwa, ndipo pakati pake ndinkakonza mawu oti ndidzamuuze mnyamatayo zikavuta. Anali mawu oipa. Sindinawagwiritse ntchito, ndiye musalembe.

Anabadwa mwana wamkazi, wamng'ono ngati chimanga chosasenda. Analira, koma mawu ake ngati a mphaka. Anakhalitsa m'chipatala, mayi wake atamumangirira pachifuwa kuti azimva kutentha. Masiku onsewo Zulekha sanafunse kanthu. Mwanayo ndi Nafisa, uyu akuthamangitsa nkhuku panjayu.

Atatuluka tinapita nawo ku Kawale, osati ku Area 23. Maliro amanena ndi akuluakulu. Abasi anaitana shehe, kunabweranso malume a Ayimani kuchokera ku Ntaja. Tinayala mkeka pabalaza, amayi mbali iyi, abambo mbali iyo. Abasi anakhosomola.

"Mwana wanga, pali mawu amene takhala tikukusungira..."

Zulekha anakweza dzanja. "Ababa, pepani, dikirani. Haruni ali kuti?"

Haruni anali panja, chifukwa pa nkhani zotere anyamata sakhalapo. Malume aja anayang'ana Abasi, Abasi anayang'ana ine. Ndinati muitaneni, nanga titani. Anabwera n'kugwada pakhomo.

"Lowa," anatero Zulekha. Anapereka mwana kwa mayi ake, anakonza mpango kumutu. "Tsopano nena."

Ananena. Anatchula tsiku, anatchula malo, anatchula amene anasambitsa thupi ndi pamene anamuika, pafupi ndi bambo ake. Sanazungulire ngati mmene tikanachitira ife.

"Anavutika?"

"Ine sindinaone, achemwali. Amene anafika poyamba akuti anamupeza atapita kale."

"Tsiku lija ndimakutuma za beseni, anali ataikidwa?"

"Anali ataikidwa."

Pamenepo ndi pamene analira. Kulira kumene anakusunga kuja kunatuluka konse, aneba anabwera osaitanidwa, ndipo maliro a Ayimani tinawalira kachiwiri m'nyumba mwathu. Amene anamugwira kuti asamenyetse mutu pansi ndine. Chilonda cha opaleshoni chinali chisanapole.

Zulekha sanandikalipirepo za mabodza anga aja, ngakhale kamodzi. Koma mpaka lero ndikamuuza kuti mwana wadya, amapita kukayang'ana mbale. Ine ndimaona.

Haruni anabwerera ku Zomba, anamaliza, anavala mkanjo wakuda uja. Pano akuphunzitsa pa sekondale ina ya pulayiveti ku Area 25, ndipo akuti ana amamukonda chifukwa amawalola kutsutsa. Sanakwatire. Ndani angalole mwamuna woti ukamufunsa ngati wanenepa akuyankha? Za ku Likuni zija ndinamufunsanso ulendo wina, ndinati tsopano poti uli ndi digiri, unachita bwino kapena unalakwa? Anati akaganiza za achemwali ake amaona ngati anachita bwino, akaganiza za kuchepa kwa Nafisa tsiku lobadwa lija mtima umamugunda. Ndinati ndiye boma linakuphunzitsa kuti uzigunda mtima.

Ine ndinakafunsa ndekha kwa namwino uja tisanatuluke. Ndinati mwanangu, ndiuze zoona, kodi mawu a mnyamata uja ndi amene anakweza magazi? Anati ayi agogo, nthenda imeneyi imatero yokha, ngakhale munthu asamve kanthu. Anayankha mwaulemu, akundisisita paphewa. Koma anamwino nawonso ndi ana a anthu, amadziwa kutonthoza nkhalamba. Ndiye yankho lakelo ndinalilandira ndi dzanja limodzi.

Chimene ndikudziwa ine n'chakuti anthu awiri anali pangozi, ndipo mdzukulu wanga anachita nawo juga. Anapambana, inde, Mulungu ndi wamkulu. Koma wa juga akapambana sasiya kukhala wa juga. Chaka chatha kunagwa maliro ena kumudzi, ndipo panafunika munthu wokatenga mchimwene wanga ku Area 49, amene ali ndi nthenda ya mtima. Haruni anali pomwepo, nsapato atavala kale. Ndinatuma aneba.